Ine pa Nsungwi, Apongozi pa Kanema

Ndisanayambe ndiyenera kutchula mboni, chifukwa anthu a m'mudzi muno ali ndi chizolowezi chonena kuti nkhani zanga ndimathira mchere wambiri. Mboni yoyamba ndi akazi anga. Alipo, ali moyo, ndipo mukawafunsa adzatsutsa theka la zimene ndalemba pano; theka lotsalalo mulitenge ngati lotsimikizika. Yachiwiri ndi bambo wina amene ankatchaja mabatire pa Chonde, kuseri kwa chigayo. Ameneyu anapita ku Joni, koma ndamva kuti foni ali nayo. Yachitatu ndi amalume awo a akazi anga, omwe masiku ano makutu anawathawa, moti chilichonse mungawafunse adzagwedeza mutu kuvomera. Kukhoti mboni zitatu zimakwana. Sindikuona chifukwa choti inu mufune zinayi.

Ine kwathu si kuno. Ndinabwera kudzakwatira chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba, ndili kalaliki wa pasikelo ku esiteti ya tiyi. Anandiloza malo pafupi ndi munda wa chinangwa, ndinaumba njerwa, n'kumanga nyumba ya zipinda ziwiri ndi khomo limodzi. Kuchokera pakhomo pathu kukafika pakhonde la apongozi anga aakazi ndi mapazi makumi atatu. Ndinawerenga ndi maso, chifukwa ndi mapazi enieni sindinayendepo.

Amene munakulira m'tauni mwina simukumvetsa. Kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Mabanja ena anazisiya kalekale, ena amangochita pang'ono pamaso pa alendo. Koma apongozi anga anabadwira kutsidya kwa malire, Chilomwe chawo anayamwa, ndipo mwambowu anabwera nawo wathunthu, wosagumuka pena paliponse. Sitinkakhala m'chipinda chimodzi. Sitinkayang'anana kumaso. Sitinkalankhulana. Tikakumana panjira mmodzi ankapatukira m'tchire, ndipo popeza iwo anali aakulu, wopatuka ndinali ine. Mpaka lero m'munda wa chinangwa muja muli kanjira kamene sikapita kulikonse. Ndinakapanga ndekha pothawa. Tsiku lina tinakumana pa mlatho wa mtengo umodzi mvula itangokata, ndipo ndinatsikira m'madzi ndi njinga yomwe. Iwo anadutsa atayang'ana kuphiri. Madzulo ake anatuma mwana wawo kudzandiuza kuti chipewa changa achiona chikupita cha kumunsi, sichinaoneke ngati chibwerera.

Si chidani ayi. Ndi ulemu, kungoti ndi ulemu wotopetsa miyendo. Mukanaika amayi khumi pamzere kuti ndiloze apongozi anga, ndikanayang'ana pansi, chifukwa zidendene zawo ndinkazidziwa bwino kuposa nkhope ya kapitawo wa ku ntchito. Iwonso ankandidziwira msana ndi kulira kwa tcheni cha njinga. Tinakhala choncho zaka zingapo, popanda wodandaula.

Kanema atayamba m'dziko muno ndinapirira kanthawi, kenaka ndinagula tivi yakale kwa dalaivala wina wa pa esiteti, yaing'ono, yoonetsa zoyera ndi zakuda basi. Magetsi tinalibe. Inkayendera batire la galimoto, limene Loweruka lililonse ndinkalimanga pa kaliyala kupita nalo ku Chonde kwa bambo wa mabatire uja. Eriyo anandipangiranso yemweyo, ndi timapaipi topepuka ndi chivundikiro cha poto. Ndinakadula nsungwi yaitali m'munsi mwa phiri, n'kumangirira eriyo kunsonga. Tsinde ndinalilowetsa mu mtondo wakale wobooka umene ndinaukwirira pafupi ndi zenera, kuti nsungwi izitha kuzungulira.

Achinyamata a lero sadziwa chithunzi chimene tinkaonera. Choyamba munali mchenga: timadontho toyera ndi takuda tothamangathamanga ngati linthumbu limene wina waliponda. Anthu ankatulukira mumchengamo pang'onopang'ono, ngati akuchokera m'nkhungu. Chachiwiri, munthu aliyense ankabwera ndi mnzake. Aphunzitsi ena anandifotokozera kuti mafunde ochokera ku Blantyre ankatifikira kawiri: ena molunjika, ena atakagunda thanthwe la Chambe n'kubwerera mochedwa pang'ono. Ndiye owerenga nkhani ankakhala awiri, wina kumbuyo kwa mnzake, wotuwa pang'ono koma wa taye yemweyo. Pa mpira, timu iliyonse inkalowa ndi anthu makumi awiri ndi awiri, mipira iwiri, ndipo zigoli zinkavutabe.

Vuto linali lakuti mafundewo sankakhala malo amodzi. Kukakhala dzuwa ankafuna kuti eriyo iyang'ane ku Blantyre. Kamvula ka chiperoni kakatsika ankabwera bwino kuchokera kuphiri. Mphepo ikawomba, nsungwi inkaganiza zake. Pankafunika munthu woima panja, manja ali pa nsungwi, kumamvera wa m'nyumba.

Lamulungu masana kunkakhala makwaya. Apongozi anaimbapo kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo mpaka mawu atayamba kunjenjemera, ndiye atamva nyimbo ikutuluka m'nyumba mwathu anabwera n'kuima chapatali, pansi pa mtengo wa mapeyala, atafulatira. Sakanalowa ine ndili m'kati. Mwamwayi mphepo inawomba, kwaya inamira mumchenga, ine n'kutuluka kukagwira nsungwi. Nditazungulira kuseri, ndinamva mpando ukukokedwa. Kenaka pazenera panatuluka mawu amene ndinali ndisanawamvepo pafupi chotero.

"Auzeni kumanja."

Ndinapotoza.

"Auzeni apitirira. Abwerere kumene achokera."

Ndinabwerera.

"Auzeni pomwepo. Asapume mwamphamvu."

Ndinaima ola lathunthu ndikupuma pang'onopang'ono. Palibe anakonza zimenezi, palibe anakhala pansi n'kukambirana. Kungoyambira tsiku limenelo Lamulungu lililonse, tikabwera kutchalitchi, ine ndinkatuluka kupita pa nsungwi, iwo n'kulowa. Mwambo sunaswedwe. Ine ndinali panja chifukwa cha ntchito, iwo anali m'nyumba chifukwa cha kwaya, ndipo pakati pathu panali khoma la njerwa zimene ndinaumba ndekha.

Poyamba "auzeni" ameneyu ankapita kwa akazi anga, amene ankabwereza mawuwo ngakhale kuti ndinali nditamva kale. Patapita miyezi anatopa n'kusiya kubwereza. Tsiku lina ndinawaona ndi maso angawa akutuluka ndi ndowa kupita kumjigo, koma pazenera mawu anapitirira: "Auzeni kuphiri pang'ono." M'nyumbamo munatsala apongozi ndi mphaka. Ndinaona kuti ngati iwo angatume mphaka, inenso ndingatume nsungwi.

"Auzeni kuphiri pang'ono. Auzeninso kuti mbuzi yawo yadya nandolo wanga."

"Uwauze kuti mbuziyo ndiimanga mawa," ndinauza nsungwi.

"Auzeni kuti mawa la sabata yatha linali lomwelo."

Pazenera limenelo panadutsa zambiri. Panadutsa mtengo wa feteleza, malire a dimba, ndi za mnyamata wina amene ankazungulirazungulira mwana wathu wamkulu, yemwe apongozi anati ali ndi mayendedwe a munthu wobwereka nsapato. Ana anga aakazi atakula anayesa kundilandira nsungwi, koma agogo awo anati manja awo ndi opepuka, kwaya ikugwedezeka. Ndinabwerera pa ntchito yanga.

Mayi anga atamwalira ndinapita kwathu kukaika, n'kubwerako Loweruka. M'mawa mwake, titabwera kutchalitchi, ndinakaima pa nsungwi monga mwa nthawi zonse. Tsiku limenelo chithunzi chinagwira msanga.

"Auzeni pomwepo."

Ndinagwira pomwepo. Kwaya inaimba ndime yonse.

"Auzeni kuti umasiye ulibe msinkhu. Auzeni kuti pamudzi pano mayi alipo."

Ndinapotoza nsungwi mwadala kuti mchenga udzaze, phokoso lake libise kulira kwanga. Sanandiuze kuti ndibwerere mpaka nditamaliza.

Ndinagwira nsungwi zaka khumi ndi zinayi. Tivi tinasintha, inabwera ya mitundu. Batire la ku Chonde linalowedwa m'malo ndi sola padenga. Nsungwi zinafumbwa zinayi, ine ndinali yemweyo. Mkono wanga wamanja unakula kuposa wamanzere, moti telala mpaka lero amaulipiritsa padera. Ndipo m'zaka zonsezo kwaya ya pa kanema sindinaionepo ngakhale kamodzi. Nyimbo zonse ndinkazidziwa, ndi pamene oimba besi amalowera, koma sindinkadziwa ngati amavala zofiira kapena zobiriwira.

Kenaka wailesi inayamba kulengeza za dijito. Inati kanema wakale azimitsidwa, aliyense agule kabokosi kotchedwa dikoda. Pa Chonde nkhaniyi inaphikidwa m'miphika yambiri. Ena anati tivi zakale ziphulika. Ena anati kabokosiko kali ndi diso, kamaona zimene mukudya. Bambo wa mabatire uja, amene sola inali itamuphera malonda, anali atayamba kugulitsa madikoda omwewo.

"Achimwene, tengani kabokosi aka zisanakwere."

"Tivi yanga ili bwinobwino."

"Tivi ili bwino, koma chilankhulo chimene imamva akusiya kuchilankhula."

"Mchenga ukhalapo wochuluka bwanji?"

"Dijito ilibe mchenga. Ikabwera yabwera yonse, ikakana yakana yonse."

Ndinamuseka. Kuno kulibe chimene chimabwera chonse. Mvula imabwera theka, bonasi theka, ngakhale minibasi ya ku Limbe imafika chitseko chili m'manja mwa kondakitala. Ndinaganiza kuti izi ndi za anthu a m'tauni, ndipo kuti zikamafika kwa ife, phiri lidzakhala litazichepetsa mphamvu monga limachitira ndi zonse.

Lamulungu lina ndinatuluka, apongozi analowa, ndinagwira nsungwi.

"Auzeni kumanja."

Ndinapotoza.

"Auzeni kuphiri."

Ndinayang'anitsa eriyo ku Chambe, ku Blantyre, ku Thyolo, ngakhale kutsidya kwa malire kumene iwo anabadwira. Ndinazungulira mtondo uja mpaka waya anandikulunga m'miyendo. Pazenera pankangotuluka mkokomo wa mchenga ngati mvula ya padenga la malata. Tsiku limenelo mawu akuti "pomwepo" sanamveke. Patatha ola mpando unakokedwa, ndipo anadutsa kumbuyo kwanga akuuza mphaka kuti mwina manja a anthu ena akalamba.

Zimenezo zinandipweteka. Lachiwiri lake ndinagulitsa mbuzi, mdzukulu wa ija inadya nandolo, ndipo Lachisanu bambo wa madikoda anafika ndi chikwama cha zida. Anazula nsungwi yanga ngati akuzula chisoso. Eriyo ya chivundikiro cha poto, imene anapanga yekha, anaiyang'ana ngati sakuidziwa. Anaimika paipi yachitsulo, anathira simenti, anakweza eriyo yatsopano n'kuiloza ku Blantyre, n'kumanga mabawuti anayi ndi sipanala.

"Basi. Musakhudzenso."

"Chiperoni chikabwera?"

"Musakhudze."

"Mphepo?"

"Achimwene, mwapuma pa ntchito. Lowani m'nyumba muzionera ngati bwana."

Nsungwi ija akazi anga anaitenga kukagwetsera mapeyala.

Lamulungu lotsatira ndinatuluka monga kale, apongozi analowa. Ndinaima pafupi ndi paipi, manja osadziwa kopita. Ndinawaika m'thumba, ndinawatulutsa, ndinawapinda pachifuwa. Nyimbo inayamba, yomveka bwino ngati oimbawo ali pakhonde. Ndinadikira "auzeni" koma sanabwere. M'malo mwake ndinamva akufunsa mwana wawo.

"Enawo apita kuti?"

"Ati, mayi?"

"Kwayayi inali ya anthu ambiri. Aliyense anali ndi mnzake kumbuyo."

"Analipo omwewa, mayi. Enawo chinali chithunzithunzi cha phiri."

"Ndiye awachotsa. Ankaimba bwino kuposa awa."

Ola lonse linatha osandituma kanthu. Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Munthu wina wodutsa anandifunsa ngati ndikudikira minibasi kuseri kwa nyumba yanga yomwe. Mwamuna woima panja atagwira nsungwi ndi mwamuna wa pa ntchito. Mwamuna woima panja pafupi ndi paipi, anthu amayamba kufunsana kuti walakwa chiyani.

Sabata yachitatu kunali chiperoni, kamvula kaja kosagwa koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Ndili chiimire ndinamva akazi anga akuti, "Taonani mayi, mpaka mano akuoneka, uyu ali ndi kampata." Apa ndiye ndinalakwa, ndipo sindidzanamizira wina. Ndinayamba kuganiza. Ndinati zaka khumi ndi zinayi ndamvera anthu awa osawaona. Ndinati mbuzi imene inagula kabokosiko inali yanga. Ndinati dziko lasintha, ngakhale phiri alilanda mawu, ndiye mwina zinazi zasinthira limodzi. Ndinazungulira nyumba, ndinapukuta mapazi, n'kulowa.

Apongozi anakoka chitenje n'kudzifunda kumutu, n'kutembenukira kukhoma ndi mpando womwe. Kutuluka sakanatha, chifukwa khomo ndi limodzi ndipo ine ndinali nditaima pomwepo. Ine maso anali pa kanema. Kwaya ndinaiona, sindikana. Ndinaiona kwa nthawi yopuma katatu. Ankavala zobiriwira.

"Tulukani," anatero akazi anga, motsitsa mawu.

Ndinatuluka mpaka m'chinangwa. Ndili komweko ndinaona apongozi akuwoloka bwalo, chitenje chikadali kumutu, mwana wawo atawagwira mkono ngati akuchokera kuchipatala.

Lamulungu lotsatira sanabwere. Ndinatuluka, ndinakaima pa paipi, akazi anga anakweza mawu a tivi mpaka nkhuku zinathawa pakhonde, koma chitseko cha apongozi chinali chotseka.

"Zaka zonsezi ndinkati muli ndi nzeru," anatero akazi anga. "Kani zinali mu nsungwi?"

Ndinawatuma kukapepesa, ndi kukanena kuti Lamulungu lililonse ndizipita ku Chonde mpaka kwaya ithe, nyumba izikhala yawo. Anabwerako msanga.

"Akuti kupepesako amva, mlandu palibe. Koma akuti kale munkakhala panja chifukwa cha ntchito. Tsopano mukakhala panja ndiye kuti akuthamangitsani ndi iwo. Akuti sanabadwire kuthamangitsa mwamuna m'nyumba imene anamanga yekha."

"Ndiye atani?"

"Akuti kwaya anaiona, yakwana."

Ndinaganiza masiku atatu, n'kupeza nzeru ya mtundu womwe uja unandilowetsa m'nyumba. Ndinabwereka sipanala kwa okonza njinga, ndinamasula mabawuti onse anayi, n'kutumiza uthenga woti chipangizo chatsopano chafooka, chikufunanso dzanja la munthu. Lamulungu anabwera. Ndinamva mpando ukukokedwa, mtima wanga n'kukhala pansi. Ndinapotoza paipi pang'ono kuti ntchito ipezeke.

"Auzeni kumanja."

Ndinapotoza.

"Auzeni apitirize."

Ndinapitiriza.

"Auzeni... ayi, zapita."

Bambo wa madikoda sananame. Dijito ilibe pang'ono. Kale mchenga unkachepa kapena kuchuluka dzanja likamayenda, ndiye wa m'nyumba ankadziwa ngati tikuyandikira kapena tikutalikira. Iyi imaima kaye n'kuganiza. Akazi anga anandiuza pambuyo pake kuti oimba ankauma pakamwa pali yasa, nkhope zikugawika timabokosi, kenaka mdima ndi mawu awiri a Chingerezi. Pamene chithunzi chinkabwerera n'kuti ine nditadutsa kale. Panalibe choti n'kundiuza. Tinalimbana nazo kanthawi, kenaka mawu anatuluka pazenera, osakwiya, otopa chabe.

"Auzeni amange chitsulo chawocho. Ndine wokalamba, sindine mwana."

Ndinamanga mabawuti aja iwo atapita.

Masabata otsatira ndinkakhala m'nyumba ngati bwana, monga anandilonjezera. Chithunzi chinali choyera moti ndinkaona thukuta pamphuno pa wowerenga nkhani. Matchanelo analipo ambiri, ena a anthu ophika, ena a abusa ochiritsa, ina ya nyama zokhazokha zikudyana. Koma Lamulungu masana ndinkapezeka ndazimitsa. Ndinkaganiza za mchenga uja, umene tinkautukwana sabata iliyonse. Chithunzi chosakwanira chija chinkafuna anthu awiri, wina woona ndi wina wogwira, ndipo aliyense payekha analibe kanthu. Chatsopanochi sichifuna munthu. Chingaonetse kwaya yonse m'nyumba mopanda aliyense, osadandaula. Sindikunena kuti abweze zakale. Amene anakonza dijito sakanadziwa kuti kuseri kwa Chonde kuli anthu awiri amene amalankhulana kudzera m'kulephera kwa mafunde. Ndikungonena kuti mapazi makumi atatu aja anatalika. Mbuzi zinalowanso mu nandolo, ndipo palibe anandiuza. Ndinazimva kwa anthu apanjira.

Ndiponso apongozi anali atayamba kutsokomola. M'mawa ndinkamva chifuwa chawo kudutsa bwalo. Ndinawerenga zaka zawo, n'kuona kuti n'kutheka mawu omaliza amene ndidzawakumbukire nawo adzakhala oti ndimange chitsulo.

Ndinagula shuga paketi imodzi n'kupita kwa amalume awo a akazi anga, mchimwene wawo wa apongozi, amene nthawi imeneyo khutu limodzi linkagwirabe ntchito. Ndinakhala mbali ya khutu lamoyolo n'kufotokoza zonse, kuyambira pa mtondo mpaka pa sipanala. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Akamwini, kodi sanakumasuleni?"

"Kundimasula chiyani, amalume?"

"Kwina amachita zina, koma mtundu wathu uno, mwana woyamba akayamba kuyenda, mpongozi amaika ndalama m'mbale, n'kutuma mwana wake kukapereka kwa mkamwini. Mkamwini akalandira, basi, kupewana kwatha. Mukhala mphasa imodzi, mulankhulana ngati mayi ndi mwana."

"Mwana wanga woyamba ali ndi mwana wake amene akuyenda."

"Ndikudziwa. Chaka chimene anayamba kuyenda ndi chimene alamu anga, apongozi anu aamuna, anamwalira. Tinati maliro athe kaye. Maliro atatha tinati tikolole kaye. Kenaka munabwera ndi nsungwi yanu, tonse tinaona kuti zikuyenda. Wokonza chimene chikuyenda ndani?"

"Ndalamayo imakhala zingati?"

"Iliyonse. Si ya mtengo."

"Ndiye ndakhala ndikuthawira m'chinangwa zaka makumi awiri chifukwa cha ndalama iliyonse?"

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri," anatero.

Ndinafunsa ngati ndingawakumbutse kudzera mwa akazi anga. Anati ayi, ndalama yopempha siimasula munthu, iyenera kunyamuka yokha. Ndinafunsa ngati iwo angawakumbutse.

"Mlongo wanga uja sakumbutsidwa. Ukamukumbutsa chinthu amachiiwala mwadala. Ndingopita kukakhala pakhonde pake, ndizidandaula za nyamakazi, ndizitchula za kale. Akachitola yekha, chabwino."

Anapitadi. Ndinawaona atakhala pakhondepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akusisita mawondo. Pobwerera anadutsa pakhomo pathu, anandiyang'ana, n'kukweza mapewa.

Ndinayamba kudikira mbale. Vuto n'lakuti pakati pa nyumba ziwirizi mbale zimayenda tsiku lililonse. Akazi anga akatulukira kwa mayi awo atanyamula mbale yovundikira, ine ndinkakhala tsonga, n'kukonza kolala. Tsiku loyamba munali nyemba za kalongonda. Lina munali chinangwa chophika. Lina munali mopanda kanthu, inali yathu yomwe akubweza. Akazi anga anandifunsa chifukwa chimene ndayambira kulemekeza ndiwo chotere. Sindinawauze, poopa kuti angakanene, ndalama n'kufa isananyamuke. Malamulungu asanu ndi awiri anadutsa. Ndinaonda, lamba ndinabooletsa kawiri. Chifuwa chija chinkamvekabe m'mawa, masiku ena chochepa, masiku ena chachikulu.

Lamulungu lachisanu ndi chitatu, titabwera kutchalitchi, ndinali pampando ndikumasula zingwe za nsapato. Akazi anga analowa ndi mbale yaing'ono yovundikira ndi inzake. Sindinakonze kolala, ndinali nditatopa nazo. Koma anagwada. Akazi anga anasiya kundigwadira mwana wachiwiri atabadwa, ponena kuti mawondo anawapereka kumunda. Anaika mbale pansi patsogolo panga n'kuvundukula.

Munali kwacha imodzi yachitsulo, yakale ija yolemera, imene ngakhale wogulitsa mtedza wokazinga sangailandire lero. Inali yosalala ndi yowala, monga chimakhalira chitsulo chimene chakhala nthawi yaitali pa mfundo ya chitenje.

"Akuti anaipatula chaka chimene mwana wathu anayamba kuyenda," anatero akazi anga. "Akuti nthawi imeneyo inkagula kanthu. Akuti chiwongoladzanja musayembekezere."

Ndinaitola ndi manja awiri. Pakhomo panada.

"Odi."

Panalibe "auzeni". Ndinayang'ana akazi anga kuti ayankhe, koma iwo anali akuyang'ana ine.

"Lowani, mayi," ndinatero.

Analowa. Ndinakweza maso pang'onopang'ono. Anali aafupi kuposa mawu awo, ndi mphini ziwiri zozilala pa tsaya, ndi maso a mwana wanga wamkulu. Iwonso anandiyang'ana nthawi yaitali, osafulumira, ngati munthu amene akusankha nkhuku pamsika.

"Kani muli ndi dazi."

"Linayamba kale, mayi."

"Mwana wangayu sanandiuze." Anakoka mpando wawo, n'kukhala, n'kukonza chitenje m'mawondo. "Ikani ndalamayo m'thumba, bambo, muyatse kanema. Nthawi ikutha."